Mkamwini wa Malemu

Tsiku limene ankaika maliro a Christina, Obed anali pakhonde la sitolo ya a Daudi ku Katete, akusoka kabudula ngati kunja kuno sikunagwe kanthu. Munali mu 1955, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuwotcha mpaka malata kulira. Amayi atatu anatulukira pamsewu, mmodzi atanyamula lichero. Sanapereke moni. Anaika licherolo pafupi ndi mapazi ake, nabwerera chafutambuyo.

M'licheromo munali khanda, mchombo usanagwe.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi mtima uli pansi, mukuona ngati munalakwa kopitirira moti simungakonzenso kanthu, tamvani za munthu ameneyu. Sindimukometsera ayi. Obed anali telala waluso, koma luso lake lalikulu linali pakamwa. Mkazi akabwera kudzayesa diresi, muyeso unkatenga nthawi yaitali kuposa kusoka kwenikweniko.

Christina anali mayi wachikulire ndithu, banja lake loyamba litatha. Kwawo kunali kumapiri a ku Vubwi, ndipo ku Katete anabwera yekha kudzagulitsa zitumbuwa pamalo poima malole. Iye ankadziwa kuti Obed ali pachitomero ndi mwana wa mlimi wina wa ng'ombe ku Mkaika. Obed nayenso ankadziwa zimene zimatsatira anthu akamakumana kuseri. Onse awiri anali ndi maso, ndipo onse awiri anatsinzina.

Pathupi pataonekera, akuluakulu a m'mudzi momwe Christina ankakhala anamuitana Obed. Iye anakana kwamtuwagalu. Anati mkazi wogulitsa pamsewu, pomwe pamadutsa madalaivala a ku Lusaka ndi a ku Fort Jameson, angadziwe bwanji mwini mimba. Anthu ena anaseka. Christina anangomuyang'ana.

Kuyambira tsiku limenelo manyazi anamudya mayiyo. Ankamanga mimba ndi nsalu zolimba. Kwawo sanatumize mawu. Kuchipatala cha mishoni, komwe kunali pafupi, anakana kupita poopa kufunsidwa dzina la bambo. Nthawi yake itakwana mwana anavuta kutuluka, ndipo azamba, potsata mwambo, anamuumiriza kuti atchule amuna onse amene anayenda nawo kuti njira itseguke. Iye anatchula dzina limodzi. Anamukalipira kuti aonjezere ena, koma ankangobwereza lomwelo mpaka mawu anamuthera. Mwana anatuluka wamoyo, mayi anapita.

Mwina mukudabwa kuti amayi a m'mudzi muja analephera bwanji kulera khandalo. Masiku amenewo anthu ankaopa mdulo kuposa njoka. Khanda ankaliyesa lozizira, ndipo munthu aliyense amene akugona ndi mwamuna kapena mkazi wake ankatchedwa wotentha. Wotentha akagwira khanda, ankati walidula: limatupa, limatsokomola, limafa, mlandu n'kukhala wa wogwirayo. Christina analibe mbale pamudzipo. Komanso anafa ndi chakukhosi, ndipo palibe amene ankafuna kuika bere lake pamene mwini wake wangochokapo chonchi.

Wamkulu mwa amayi atatu aja ndiye anayankhula, ali chapatali.

"Watchula inu mpaka mpweya kutha. Ife manja athu ndi otentha. Ngati n'kumutaya, mukamutaye nokha."

Atachoka, mwana anayamba kulira. Obed anaimirira, nazembera kuseri kwa sitolo komwe kunali njinga yake. Maganizo ake anali othawira ku migodi. Atangogwira chiwongolero, anamva makina ake akulira pakhonde, pang'onopang'ono, mwa kayendedwe kamene iye sankasokera. Anasuzumira. Pampando panalibe munthu. Chopondera cha makina chinkakwera ndi kutsika chokha, m'mphepete mwake mukukhudza lichero ndi kuligwedeza, ndipo mwana anali atatonthola.

A Daudi, Myao wochokera ku Nyasaland amene sankakonda zoyankhulayankhula, anali ataima pakhomo la sitolo akuona zomwezo. Anatchula dzina la Mulungu chapansipansi. Kenako anauza Obed kuti akathawa, chimene chili pampandocho sichitsala pakhonde lawo, chimutsatira mpaka pansi pa mgodi.

Obed ananyamula mwanayo. Tisanamizane, sichinali chikondi. Anali mantha.

Anali mwana wamkazi, wopepuka ngati chisa cha mbalame. Obed anathamanga naye kuchipatala cha mishoni, komwe anamwino anamuphunzitsa kuwiritsa mkaka wa mbuzi, kuusungunula ndi madzi owiritsa, ndi kumwetsa ndi kasupuni. Anagulitsa jekete lake la ukwati nagula mbuzi yoyamwitsa. Mkazi wa a Daudi ankamulangiza ataima kutali, manja atabisa m'nsalu: mutu muugwire chonchi, msana muusisite chonchi. Anamuuzanso mosapita m'mbali kuti kuyambira tsopano ayenera kukhala wozizira. Akangogona ndi mkazi, wapha mwana ndi manja ake.

Tangoganizani, Obed yemwe uja.

Nkhani itafika ku Mkaika, chitomero chinatha tsiku lomwelo. Anzake omwera nawo mowa ankati akamuona akubwera, mwana ali kumsana, ankaitanizana kuti adzaone telala amene wabereka. Makasitomala anathawa. Ndani angavale malaya osokedwa pamakina oyenda okha? Ngakhale ana asukulu ankalambalala khonde lija.

Koma kusekedwa sikunali kanthu poyerekeza ndi zimene zinkachitika masana. Dzuwa likafika pamutu, anthu onse atabisala m'mithunzi, tulo tinkamugwira Obed mwamphamvu ngati wamwa mankhwala. Podzidzimuka ankapeza milomo ya mwana ili yonyowa ndi mkaka woyera, pamene iye sanamumwetse. Pamphasa, pambali pa mwanayo, pankakhala pozizira ngati pagona munthu wochokera kumadzi, ndipo m'nyumba munkanunkhira mafuta okazingira zitumbuwa. Mwanayo sankayang'ana bambo ake. Maso ake ankatsata chinachake chodutsa kuseri kwa phewa lawo, n'kumamwetulira.

Zikatero, tsiku lonse ankakana mkaka wa mbuzi. Anayamba kuwonda. Liwombo linalowa. Anamwino anamupima, napereka mankhwala, koma mwana ankangofotabe. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mayi ake akumuyamwitsa kuti amutenge.

Ine sindikukakamizani kukhulupirira zimenezi. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwanayo ankatha, ndipo Obed, amene poyamba ankamusunga chifukwa cha mantha, tsopano ankalira akamuona nthiti. Anali atazolowera kafungo ka pamutu pake. Anali atazolowera kudzutsidwa ndi timiyendo tikumuponda m'mimba. Chikondi chinalowa osagogoda, ndipo chinamupeza alibe podzitetezera.

Mkazi wa a Daudi ndiye anamuuza zoona. Anati Christina wagona pakati pa alendo, abale ake sanamulire, sakudziwa n'komwe kuti anamwalira. Mayi wotere sangapume, chifukwa sakuona munthu womusiyira mwana. Mankhwala ake anali amodzi: Obed apite ku Vubwi akanene maliro.

Obed ankadziwa bwino kuti kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Ngakhale bambo wokwatira mwalamulo amasiya ana banja likatha, nanga iye wokana mimba pamaso pa anthu? Akakafika kumeneko akamulanda mwanayo, mwinanso kumumenya kumene. Akakhala ku Katete, mwana akhala wake, koma wa kumanda.

Anasankha kuti amulande mwanayo ali wamoyo.

A Daudi anamupatsa makina akale opukusa ndi dzanja, amene ankangochita dzimbiri m'chipinda, ndi zitini zingapo za mkaka. Obed anamanga makinawo panjinga, mwana kumsana, nalowera cha ku Chadiza. Mvula yoyamba inali itagwa, njira zili matope okhaokha. M'midzi momwe ankadutsa amayi ankasiya kusinja n'kumamuyang'ana, ena kuseka, ena kugwira pakamwa. Pokwera mapiri ankakankha njinga, ndipo nthawi zonse ankapotoza dzanja kumbuyo kuti amve ngati kachifuwa kaja kakugundabe.

Atafika pamudzi umene anamulozera, anaona mayi akupeta chimanga pabwalo. Mayiyo atadzutsa mutu, Obed anaima pomwepo. Nkhope inali ya Christina, mpaka ndi kampata ka m'mano. Anali mkulu wake, dzina lake Ottilia.

Obed anagwada pafumbi anthu akusonkhana.

"Ndabwera kudzanena maliro a Christina. Ine ndi amene ndinamupatsa pathupi, ndipo ndinamukana pamaso pa anthu. Anafa akutchula ine. Mwana wake ndi uyu."

Mudzi unalira maliro a munthu amene anaikidwa kalekale. Alongo ake a malemu anatola mipini ya makasu. Obed sanathawe, anangowerama kuti aphimbe mwana. Ottilia ndiye analowa pakati. Iye anali ndi khanda lake la miyezi yochepa, choncho anali wozizira. Anamasula mwanayo kumsana kwa mlendo, namuyang'ana nthawi yaitali, n'kumuika kubere. Mwana amene ankakana chilichonse anayamwa mpaka thukuta kutuluka pamphumi.

Kenako Ottilia anauza Obed kuti ntchito yake yatha, aziona msana wa njira.

Apa ndi pamene munthuyu anachita chinthu chimene sichinamvekepo kudera limenelo. Anapempha malo oti amange nyumba. Anati akufuna kukhala pachikamwini.

Atsibweni a malemu, a Solomoni, anafunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino. Mkamwini amakhala pamudzi chifukwa cha mkazi. Amalima kwa apongozi, madzulo n'kukapeza chakudya ndi mphasa yofunda. Nanga iye mkazi wake ali kuti? Obed anayankha kuti ntchito imene akanagwira Christina ali moyo aigwira tsopano, bola azimuona mwana akukula. Anthu anaseka ngakhale misozi inali isanaume. A Solomoni, pofuna kuti atope yekha, anamupatsa munda wamiyala umene malemu anausiya, ndi malo omanga kumapeto kwa mudzi, moyang'anana ndi msitu wa kumanda.

Ankayembekeza kuti pofika nthawi yopalira adzakhala atathawa. Sanathawe.

Manja a telala, ozolowera singano, anatuluka matuza mpaka kusanduka zikang'a. M'mawa ankalima kwa apongozi, amene sankamuyankha ngakhale moni. Ankamanga nkhokwe za anthu, kufolera madenga, kukumba manda pakagwa zovuta. Akakumana ndi amayi ake a Christina panjira ankapatukira kutchire mwaulemu, monga achitira mkamwini weniweni. Madzulo ankadziphikira yekha. Ana a pamudzi anamupatsa dzina loti Mkamwini wa Malemu, ndipo dzinalo linamera mizu.

Atakolola, anatenga a Solomoni ndi Ottilia kupita nawo ku Katete kukaona manda. Anathira ufa pamtumbira, Ottilia nauza m'bale wake kuti mwana ali m'manja mwa eni ake, agone. Kuchokera pamenepo tulo ta masana tija tinamuleka Obed. Mwana ananenepa. Anamutcha Tikambenji, chifukwa panalibenso chonena.

Komabe mthunzi wa mayiyo sunachokeretu. Tikambenji atayamba kuyankhula, nthawi zina ankaima pakhomo la bambo ake n'kupatukira pambali ngati akupereka njira kwa munthu wamkulu. Akafunsidwa, ankati amayi aja a nsalu yofiira amafuna kuona ngati mwasesa. Obed ankasesa nyumba yake kuposa mkazi aliyense pamudzipo.

Masana, akaweruka kumunda, ankatulutsa makina aja pansi pa mtengo wa mango. Anayamba ndi zigamba. Kenako wina anabweretsa nsalu ya diresi la ubatizo, ndipo litavalidwa kutchalitchi amayi anafunsana kuti lasokedwa kuti. Posakhalitsa anthu ankachokera kutsidya kwa Apwitikizi ndi ku Nyasaland, nsalu zili m'manja, malipiro ali nkhuku ndi mtedza. Akazi ena ankabwera ndi nsalu zosafunika kusoka, koma muyeso wa Obed tsopano unali wachangu ngati wa munthu wothawa mvula. Abale a malemu anali asanamumasule kuti akwatire, ndipo iye sanafune kuyesa dala.

Zaka zinapita. Tikambenji ankatcha Ottilia amayi, koma m'mawa uliwonse ankathamangira kumapeto kwa mudzi kukapukusa makina a atate ake. Apongozi aja, tsiku lina osanena kanthu, anatumiza mbale ya ndiwo za nkhwani wotendera. Obed anadya akulira.

Mu 1962 kunali zokolola zambiri, ndipo banja linafulula mowa wokumbukira Christina. Pamowapo a Solomoni anaimirira nanena kuti mlendo uja anabwera ngati mdani, koma wagwira ntchito yoposa akamwini a akazi amoyo. Tsopano amusudzula. Ali mfulu, akhoza kupita kwawo, akakwatire. Amayi analulutira. A Daudi nawonso anali atatumiza mawu kuti atsegula sitolo ina ku Sinda ndipo khonde likudikira telala.

Obed anathokoza, kenako anafunsa za mwana. Anati ku Sinda kuli sukulu pafupi.

A Solomoni anayankha mofatsa, koma mosasintha: wosudzulidwa amapita yekha, ana amatsala ndi mbumba. Ndipo atasudzulidwa sangakhalenso pamudzipo, chifukwa chomukhalitsa chatha. Mphotho ya thukuta lake lonse inali imeneyo.

M'mawa mwake anamumeta mpala, namusambitsa mankhwala. Anamulangiza kuti atuluke m'mudzi osatsanzika, osacheuka mpaka atawoloka mtsinje wa kumalire a minda. Akacheuka, malemu adzaona ngati akuitanidwanso, ndipo ulendo uno sadzabwerera chimanjamanja. Tikambenji anali atamutsekera m'nyumba ya Ottilia kuti asaone.

Obed anakankha njinga yake, makina ali pambuyo. Anadutsa munda wamiyala uja, umene tsopano unali ndi mizere yoongoka. Analowa m'nkhalango dzuwa litakwera. Nyenje zinkalira mbali zonse, kenako zinangoleka nthawi imodzi.

M'kachetechetemo anamva mapazi kumbuyo kwake.

Anali mapazi opanda nsapato, oponda mopepuka pamasamba ouma. Iye akaima, nawonso ankaima. Akafulumira, ankafulumira. Khosi linkafuna kutembenuka lokha, moti anachita kuluma mlomo mpaka kulawa magazi. Anaganiza kuti mankhwala aja sanagwire, ndipo Christina sanakhutire.

Anayankhula maso ali kutsogolo.

"Christina, ngati ndiwe, tiye. Ndiperekeze mpaka kumene ukufuna. Koma kumudzi kuja usabwerereko, mwana umusiye akule."

Palibe anayankha. Mapazi aja anapitiriza kumutsata, kutsika naye chitunda, kudutsa naye m'bango. Obed analowa m'madzi, njinga ataisenza paphewa, ndipo kumbuyo kwake madzi anamveka akuphwanyidwa ndi miyendo ina. Atafika kutsidya anatsitsa njinga, natseka maso, natembenuka.

Pamadzi ofika m'mawondo panali Tikambenji, kamtolo ka zovala kali pamutu, milomo ataitseka mwamphamvu monga Ottilia anamulangizira. Kutsidya lina, pamchenga, panaima Ottilia. Iye sanawoloke.

"Alamu, mwambo wati inu musacheuke. Sunanene kuti mwana asakutsateni," anatero Ottilia. "Takusudzulani kwa Christina. Kwa uyu palibe angakusudzuleni. Za atsibweni zisiyireni ine. Muzibwera naye nthawi yokolola, asaiwale kwawo."

Aka kanali koyamba kumutcha alamu. Obed anakhala pansi pamatope, mwamuna wamkulu, nalira mokweza. Mwanayo anamuyang'ana modabwa, kenako anafunsa ngati tsopano akuloledwa kuyankhula, chifukwa minga yamubaya kalekale.

Pofika kumapeto kwa 1963, Obed sanalinso pakhonde la munthu. Anali ndi kachipinda kake pamsewu waukulu ku Sinda, makina awiri opondera, ndi anthu amene ankawaphunzitsa ntchito. Tikambenji ankapita kusukulu atavala yunifolomu yokhala bwino kuposa ya mwana wa aphunzitsi. Nthawi yokolola iliyonse bambo ndi mwana ankakwera njinga kupita ku Vubwi.

Ndikunena ndi inu abambo: mimba ili ndi eni ake awiri. Pakamwa panu pakhoza kukana, anthu n'kuseka nanu, koma mwanayo alipo, ndipo akufuna kudya lero. Ndikunenanso ndi inu amayi ndi alongo anga: zikachitika musadzitsekere m'manyazi. Uzani abale, pitani kuchipatala, musasenze nokha katundu wa anthu awiri. Ndipo nonse, ganizani musanafike kumeneko.

Koma makamaka ndikunena ndi iwe amene unalakwa kale, amene ukuona ngati nthawi inatha. Obed sanathe kudzutsa Christina, ndipo chisoni chimenecho anapita nacho kumanda. Zimene zinawonongeka sanazikonze zonse. Anangogwira chimene chinatsala, osachisiya, mpaka anthu amene anamutolera mipini anamupatsa mwana wawo ndi manja awiri. Nawenso chilipo chimene chatsala. Usagwe mphwayi, usathawe. Nyamuka upite kumene ukuopa kupitako, ukanene kuti mwanayo ndi wako.